Makilomita 380 amene anaperewera: chombo cha Apollo AS-202 ndi manambala ochokera mu wind tunnel

Pa 25 Ogasiti 1966 sitima yonyamula ndege zankhondo ya USS Hornet inali pa nyanja ya Pacific, chakum'mwera chakum'mawa kwa chilumba cha Wake, ikudikira chombo chotsika kuchokera m'mlengalenga pa ulendo woyesera wa AS-202 wa Apollo, ntchito ya dziko la America yopititsa anthu kumwezi. Chombocho chinatsikadi, maparachuti ake anatambasuka bwinobwino, koma chinagwera makilomita pafupifupi 380 chisanafike pomwe ankachiyembekezera. Umenewu ndi mtunda woposa wa pamsewu kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe. Sitimayo inayenda maola 8 ndi theka kuti ikachitole.

M'chombomo munalibe munthu, koma ulendo wotsatira unayenera kunyamula anthu atatu. Choncho funso loti chaperewera bwanji silinali la masewera. Nkhaniyi ndikulembera anzanga omwe timagwira ntchito yoyeza zinthu m'mphepo, makamaka inu amene mwangoyamba kumene kumanga tizifanizo mu wind tunnel, chipaipi chachikulu chija timapopamo mphepo kuti tione momwe chinthu chidzaulukire. Zinachitika kalekale ku America, koma vuto lomwe linali pansi pake ndimakumana nalobe, litangosintha malaya.

Momwe chinthu chopanda mapiko chimaulukira

Command module ya Apollo, chipinda chokhalamo anthu atatu, inali yosongoka kumwamba ngati denga la nkhokwe, yotakata mamita 3.9 kunsi kwake, yolemera matani oposa 5. Pobwerera kudziko imatsogoza kunsiko, komwe ndi kobulungira pang'ono ngati kumbuyo kwa lichero, ndipo ndi komwe kuli chishango choiteteza ku moto. Kutsogoza nkhope yotakata n'kwadala. Mpweya wopanikizika umaunjikana patsogolo motalikirana pang'ono ndi chombo, ndipo kutentha kochuluka kumadutsa m'mbali ndi mpweyawo m'malo molowa m'chitsulo.

Chinsinsi cha kuuluka kwake chili pamalo pomwe kulemera konse kwa chombo kumakumana, pomwe pantchito timangoti CG. Opanga anaunjika zida zolemera mbali imodzi kuti CG ichoke pakati ndi masentimita osakwana 20. Chifukwa cha kusuntha pang'onoku, chombo sichiyang'ana mphepo maso ndi maso. Chimapendekeka madigiri pafupifupi 20 n'kukhazikika pomwepo, ndipo kukhazikika kopendekekaku timati trim. Amene anapetapo panja mphepo ikuomba akudziwa kuti lichero ukaligwira chopendekeka, mphepo sikuti imangolikankhira kwa iwe, imalikankhiranso cham'mbali. Mphamvu ya cham'mbaliyo ndiyo imanyamula chombo. Tikaigawa ndi mphamvu yobweza m'mbuyo timapeza nambala yotchedwa L/D. Ndege yonyamula anthu imakhala ndi L/D yoposa 15, pomwe ya Apollo inali cha m'ma 0.3 basi.

Kanambala kochepako ndiko kanali chiwongolero chonse. Kompyuta ya m'chombo sinkatha kusintha kupendekeka kuja. Inkangozunguza chombo ndi timainjini tating'ono kuti mphamvu yonyamulayo iloze kumwamba, pansi kapena cham'mbali. Ikafuna kupita kutali inkailozetsa kumwamba, ikafuna kutsika msanga inkaitembenuza. Pochokera kumwezi, chombo chimalowa mumpweya wadziko pa liwiro la makilomita 11 pa sekondi, ndipo chiyenera kudutsa pakhomo lopapatiza la madigiri ngati 2. Chikalowa mozondoka kwambiri anthu amapsinjika ndi kulemera, chikalowa mogona kwambiri chimadumpha n'kubwereranso kunja. Kukula kwa khomoli kumadalira L/D. Pachiyambi opanga ankafuna 0.5, koma chombo chitayamba kudzadza ndi zida zinavuta kukankhira CG kutali chotero, ndipo nambalayo inatsika. Malo olakwitsira anali atachepa kale chombo chisanauluke n'komwe.

Manambala onsewa anachokera mu ma tunnel: a NASA, bungwe la America loona za maulendo a m'mlengalenga, ku Ames m'boma la California ndi ku Langley m'boma la Virginia, a gulu lankhondo la m'mlengalenga ku Arnold Engineering Development Center pafupi ndi Tullahoma ku Tennessee, ndi ena. Kampani ya North American Aviation, yomwe inkapanga chombochi, inayesa tizifanizo tochuluka kwa zaka zingapo. Kachifanizo kotere kamasemedwa pachitsulo ndi makina, kamamangidwa kumapeto kwa mtengo wachitsulo womwe timati sting, ndipo mkati mwake mumakhala sikelo yoyeza mphamvu zonse zomwe mphepo ikukankha nazo. Sungani mfundo iyi, tibwereranso: tizifanizoto tinali tosalala, ndipo chishango chake chinali chofanana mbali zonse, monga momwe chojambula chachikulu cha chombocho chinkaonetsera.

Zizindikiro zomwe zinalipo kale

Chenjezo linabwera chaka chimodzi ndi theka m'mbuyomo. Pa 23 Malichi 1965 chombo cha Gemini 3, chonyamula anthu awiri, chinagwera makilomita pafupifupi 84 chisanafike pomwe chinayenera kutera, ndipo chifukwa chachikulu chinali chakuti mphamvu yake yonyamula inali yochepa kuposa yomwe ma tunnel analonjeza. Koma Gemini inali ya kampani ina, yooneka mosiyana, ndipo n'zosavuta munthu kunena kuti zimenezo ndi za anzathuwo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ulendo woyamba wa command module yeniyeni, AS-201, pa 26 Febuluwale 1966, ukanatha kuulula vutoli, koma magetsi anasokonekera potsika ndipo chombo chinalephera kudziwongolera monga anakonzera. Choncho AS-202 ndiyo inali nthawi yoyamba yoona ngati kompyuta yoyendetsa chombo ndi manambala a mu tunnel zingagwirizane.

Roketi ya Saturn IB inanyamuka ku Cape Kennedy ndi chombo nambala 011. Sichinazungulire dziko lonse. Chinakwera mpaka makilomita oposa 1,100, injini yake yaikulu inayatsidwa kanayi, kenako chinalowa mumpweya pa liwiro la makilomita pafupifupi 8.7 pa sekondi. Njira yotsikira anaikonza ngati mwala woponyedwa chogona pamadzi: chinatsika mpaka makilomita pafupifupi 67, chinakweranso kufika 81, kenako chinatsika komaliza. Ankafuna chishango chikhale pamoto nthawi yaitali, ndipo chinapirira. Ulendo wonse unatenga mphindi 93. Cholinga chachikulu chinatheka, kupatula makilomita 380 aja.

Kufufuza

Chombo chikaperewera pamakhala oganiziridwa angapo. Kompyuta ikhoza kukhala kuti inasokera osadziwa pomwe ili. Mpweya wa kumwamba ukhoza kukhala wothithikana kuposa momwe mabuku amanenera tsiku limenelo. CG ikhoza kukhala kuti sinali pomwe anayeza. Kapena manambala a mu tunnel ndi olakwika. Pantchito zotere gulu lililonse limayamba ndi kuloza chala kwa linzake, ndipo kunena zoona ife a mu tunnel timachedwa kuvomera, chifukwa manambala athu timakhala tawabwereza kambirimbiri ndipo nthawi zonse amatuluka chimodzimodzi.

Chomwe chinadula mkangano ndi zida za m'chombo momwemo zoyeza kuchepa kwa liwiro mbali zitatu. Apa pali mfundo yomwe wophunzira aliyense ayenera kuigwira. Mukagawa mphamvu yonyamula ndi mphamvu yobweza, kuthithikana kwa mpweya kumafafanizika chifukwa kuli pamwamba ndi pansi pomwe. Kulemera kwa chombo nakonso kumafafanizika. Ndiye kuti L/D yochokera m'zida zimenezi siingakankhiridwe kwa nyengo kapena kwa oyeza mpweya. Nambala yomwe inatuluka inali pafupifupi 0.28, pomwe yoyembekezeredwa inali 0.33.

Kusiyana kwa 0.05 kumaoneka ngati fumbi, koma ndi gawo limodzi mwa magawo 6 kapena 7 a chiwongolero chonse. Ndiponso kunagwera pamalo oipa. Kutalika kwa ulendo wodumpha chotere kumakhazikika pa kutsika koyamba kuja, pomwe chombo chikadali ndi liwiro lochuluka. Chikakwera kumene mpweya ndi wochepa chimangopita ngati mwala, palibe chogwira. Pomwe chikutsika kachiwiri liwiro limakhala litadyeka, ndipo ngakhale kompyuta itazindikira kuti yaperewera n'kulozetsa mphamvu yonse kumwamba, sipakhalanso chobwezera.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani. Pa chombo cha maonekedwe awa, digiri imodzi ya kupendekeka imapereka L/D ya pafupifupi 0.015. Ndiye kuti 0.05 ndi madigiri ngati 3. Ngati kusuntha CG ndi masentimita osakwana 20 kumabereka madigiri 20, madigiri 3 ndi ofanana ndi masentimita awiri kapena atatu basi. Chombo chotakata pafupifupi mamita anayi, cholemera matani oposa asanu, tsogolo lake likudalira mtunda wosakwana kutalika kwa chala. Aliyense amene wafika pa nambala imeneyi ayenera kuyamba kudzifunsa: ndi chiyani pa chombo chenicheni chomwe chikusiyana ndi kachifanizo kanga ndi masentimita awiri?

Yankho linali pamaso pa aliyense amene anaimapo pafupi ndi chombocho mufakitale. Chishango chinali cha mankhwala otchedwa Avcoat, omwe amapsa pang'onopang'ono n'kuchotsa kutentha. Ankawathira ndi manja m'timabowo toposa 300,000 tooneka ngati zisa za njuchi. Mankhwalawa ndi olemera, ndiye sanawapake mofanana ponseponse. Pa chombo chonse kuchindikala kwake kunkayambira masentimita osakwana 2 kufika pafupifupi 7, ndipo kunali kochuluka mbali yomwe imatsogola pamoto chombo chikapendekeka. Kwa akatswiri a za kutentha chimenechi chinali chanzeru. Koma zotsatira zake n'zakuti nkhope ya chombo sinalinso yofanana mbali zonse. Inapendekeka pang'ono poyerekeza ndi thupi la chombo, ndipo pamwamba pake panali timapiri ndi tizigwa tosaoneka bwino ndi maso.

Chifukwa chomwe kanthu kochepa chotere kamavutira n'chakuti nkhope yobulungira imatumiza mphamvu yonse ya mpweya kudzera pakati pa kubulungira kwake, ndipo pa Apollo malo amenewo ali mamita pafupifupi 4.7 kuchokera pachishango. Mukapendeketsa nkhopeyo ndi theka la digiri lokha, malo aja amasuntha masentimita 4. Mkono wautali chonchi umakulitsa kalikonse.

Kubwerera mu tunnel

Njira yachidule inalipo: kutenga 0.28, kuilemba m'malo mwa 0.33, n'kupitiriza. Ndaonapo anthu akuchita zotere nthawi ikawathera, ndipo sindiwaweruza kwambiri. Koma pano sizikanathandiza. AS-202 inatsika pa makilomita 8.7 pa sekondi, osati 11. Zombo zotsatira zinali ndi kulemera kwina, CG ina. Nambala yoikidwa popanda kumvetsa chifukwa chake imagwira pa chombo chimodzi chokhacho chomwe yachokera.

Choncho ntchito inabwerera ku Arnold, m'ma tunnel a von Kármán Gas Dynamics Facility, ndi tizifanizo tiwiri ta mitundu yosiyana: kosalala kakale kaja, ndi katsopano kotengera chishango chenicheni ndi kusafanana kwake. Ichi ndicho chisankho chomwe ndimachitamanda kwambiri pankhani yonseyi. Akanangoyesa katsopano kokha, n'kupeza nambala yogwirizana ndi ya ulendo, sakanadziwa ngati kusinthako kwachokera m'maonekedwe kapena mu tunnel. Kuyesa tonse tiwiri m'mphepo imodzimodzi, pa sikelo imodzimodzi, kumasiya chosiyana chimodzi chokha.

Sanadalire tunnel imodzi, poti palibe tunnel yomwe ingatsanzire ulendo wonse. Tunnel A imafika liwiro la Mach 6 (kutanthauza liwiro la phokoso mumpweya kuchulukitsa ka 6) kutsika m'munsi, B imapereka Mach 6 ndi 8, C imapereka Mach 10, ndipo zitatuzi zimatha kuomba kwa nthawi yaitali. Tunnel F inali ya mtundu wina: moto wa magetsi unkatenthetsa mpweya mwadzidzidzi, mphepo yofika cha m'ma Mach 20 n'kuomba kwa kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo zonse umayenera kuziyeza m'kanthawi komweko. Tunnel L inali ya mpweya wochepa, yotsanzira kumwamba kwenikweni. Iliyonse imanena zoona pa kachigawo kake ka ulendo, n'kunama pa kwina konse, ndipo luso lili pa kulumikiza zigawozo.

Anapeza zinthu zitatu. Choyamba ndi chomwe tanena: chishango chosafanana chinachepetsa kupendekeka kwa chombo, ndipo L/D inatsika nayo. Ichi ndicho chinali chachikulu.

Chachiwiri chinagwedeza chikhulupiriro chomwe ambirife tinaphunzitsidwa m'kalasi. Timauzidwa kuti chinthu cha nkhope yotakata chikafika liwiro lina, manambala ake amaleka kusintha, kotero ukayeza pa Mach 8 kapena 10 wayeza zonse za kumtunda. Lamuloli limapulumutsa ndalama zambiri, n'chifukwa chake timalikonda. Koma pa Apollo manambala anapitirira kusintha mpaka cha m'ma Mach 14. Kusinthako kunali kochepa, koti pa chinthu china sitikanakuwerengera. Pa chombo chomwe masentimita awiri amasintha ulendo, palibe chochepa.

Chachitatu chinali cha kumwamba kwenikweni, komwe mpweya ndi wopyapyala. Kumeneko kukhuzana kwa mpweya ndi khungu la chombo kumakhala ndi gawo lalikulu kuposa pansi, ndipo kumadya L/D. AS-202 inakhala nthawi yaitali kumtunda kotere chifukwa cha njira yake yodumpha ija. Nambala imodzi ya L/D ya ulendo wonse inali bodza lokoma. Yoona ndi mzere wokhotakhota womwe umasintha ndi msinkhu komanso liwiro.

Zomwe tunnel yozizira singaone

Ndikanama ndikanena kuti nkhani inathera pamenepa. Pa liwiro lotere mpweya wa patsogolo pa chishango umatentha mpaka kusweka. Mwa zigawo ziwiri zazikulu za mpweyawo, oxygen imayamba kugawanika kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 2,000, nitrogen imatsatira kupitirira 4,000. Kuswekaku kumameza mphamvu, mpweya umapanikizika kwambiri, ndipo momwe umakankhira m'mphepete mwa chishango zimasintha. Ma tunnel ambiri amafika pa nambala ya Mach yaikulu poziziritsa mpweya, osati pouthamangitsa ngati wa ulendo weniweni, ndiye kuswekaku sikuchitikamo. Makompyuta atakula mphamvu patapita zaka, akatswiri ena anabwerera ku manambala a Apollo n'kuonetsa kuti kusweka kwa mpweyaku nakonso kumatha kusuntha trim.

Umboni wina unabwera mu Epulo 1981 pa ulendo woyamba wa Space Shuttle, chombo cha NASA chokhala ndi mapiko. Potsika, mphuno yake inkafuna kudzuka kuposa momwe ma tunnel ananenera, ndipo chipsepse cha kumbuyo kwake chinayenera kupindika pafupifupi kawiri kuposa momwe anayembekezera kuti chombo chikhazikike. Chifukwa chomwe ambiri amavomereza ndi mpweya wosweka womwewu.

Ndiye pa AS-202 wolakwa ndani, chishango kapena mpweya? Ine ndimaona kuti zonse zinalipo, ndipo kukakamira chimodzi n'kufuna nkhani yosalala ngati tizifanizo tathu. Koma pali kusiyana komwe sindifuna kukubisa. Mpweya wosweka unali kunja kwa mphamvu za ma tunnel a nthawi imeneyo, palibe amene tingamudzudzule. Chishango chosafanana chinali m'manja mwawo. Miyeso yake inali m'mapepala a gulu la za kutentha. Tunnel inayankha molondola funso lomwe inafunsidwa. Kungoti inafunsidwa za chombo chomwe sichinaulukepo.

Zimenezi zimachitika mosavuta kuposa momwe mungaganizire. Kachifanizo kamapangidwa koyambirira, ntchito ikadali pa pepala, ndipo n'kodula. Manambala ake amalowa m'buku lalikulu lomwe magulu onse amatengamo. Kenako chombo chenicheni chimapitirira kusintha, pano awonjezera, apo achotsa, ndipo kusintha kulikonse pakokha kumaoneka kochepa koti sikoyenera kubwezera anthu mu tunnel. Palibe amene amanama. Kungoti palibe amene ntchito yake ndi kuima pakati n'kuwerengera zonse pamodzi. Masiku ano ndisanasaine lipoti lililonse ndimapempha miyeso ya chinthu chomwe chamangidwadi, osati chojambula chake, ndipo ndimayamba ndawerengera kuti ndi mamilimita angati omwe angasunthe trim ndi digiri imodzi. Nambala imeneyo ndiyo imandiuza ngati kusintha kwa anzanga kuli kochepadi. Oyang'anira ndalama sasangalala nane ndikatero, koma safunsa anadya phula.

Zomwe zinatsatira

Ulendo wa anthu atatu uja sunachitike. Pa 27 Januwale 1967 moto unabuka m'chombo chawo poyeserera pansi, onse atatu anamwalira, ndipo ntchito yonse inaima kwa miyezi yambiri. Ngoziyo sinakhudzane ndi za mphepo, koma m'nyengo yachisoni imeneyo ndi momwe manambala otsikira anakonzedwanso. Zoyembekezera za zombo zotsatira zinayamba kuwerengera maonekedwe enieni a chishango, ndipo nambala ya L/D yomwe kompyuta imapatsidwa chombo chisananyamuke inatengera zimenezo.

Mayeso enieni anafika pa 9 Novembala 1967. Apollo 4, yopandanso munthu, inakwera pa roketi ya Saturn V yoyamba kuuluka, ndipo injini yake inaikankhira pansi dala kuti ilowe mumpweya pa makilomita pafupifupi 11 pa sekondi, ngati yochokera kumwezi. Inagwera makilomita pafupifupi 16 kuchokera pomwe anaiyembekezera, ndipo USS Bennington inaitola tsiku lomwelo. Pa 27 Disembala 1968 anthu atatu a Apollo 8 anadutsa pakhomo lopapatiza lija pochokera kumwezi kwenikweni, n'kutera usiku pafupi ndi sitima yowadikira.

Chombo cha Orion, chomwe chinatengera maonekedwe a Apollo koma chotakata mamita 5, chinatsika mwa njira yodumpha yomweyo pa 11 Disembala 2022 pa ulendo wa Artemis I, n'kutera pomwe anachiyembekezera kufupi ndi Baja California ku Mexico. Atachiyang'ana anapeza kuti chishango chake chinagumuka tizidutswa m'malo oposa 100, zomwe sanaziyembekezere. Ife a za mphepo tikamva zotere khutu limaima, chifukwa nkhope yomwe inalowa mumpweya si yomwe inatulukamo.

Chombo nambala 011 chikadalipo. USS Hornet inapuma ntchito, pano ndi nyumba yosungiramo zakale yoyandama padoko la Alameda ku California, ndipo chombocho chimaonetsedwa m'sitima yomweyo yomwe inachithamangira maola 8 ndi theka aja. Mukadzapezeka kumeneko mudzawerame n'kuyang'ana chishango chake cham'mbali. Madigiri atatu aja simudzawaona ndi maso.